Namib, Augrabies, Kgalagadi kapena Karoo: chipululu chiti choyendera pa galimoto ndi wapansi?

Musanafunse mtengo wa ndege kapena wa galimoto yobwereka, yambani mwadzifunsa funso ili: mukafika ku chipululuko, mukufuna kuswera m'galimoto tsiku lonse, kapena mukufuna kumatsika n'kuponda nthaka ndi mapazi anu? Yankho lake ndi limene likusankhireni kopita. Malo otetezedwa a m'zipululu za ku Namibia, South Africa ndi Botswana amaoneka ofanana pa zithunzi, mchenga wofiira ndi thambo lopanda mtambo, koma malamulo ake ndi misewu yake n'zosiyana kwambiri. Kwina amakulolani kuyenda wapansi mmene mungafunire. Kwina mukangotsika pamalo osaloledwa mwaphwanya lamulo, chifukwa mikango ili pafupi. Kwinanso galimoto yaing'ono sailola n'komwe kulowa pachipata.

Ndikulembera munthu amene si katswiri wokwera mapiri, amene mwina ali ndi ana kapena watenga makolo, ndipo akufuna msewu wokongola ndi timaulendo tapansi ta ola limodzi kapena awiri. Kwa ife a ku Malawi ndi Zambia, ndi abale athu ochuluka amene ali ku Joni ndi ku Cape Town, malowa si akutali mmene timaganizira. Wa pasipoti ya Malawi kapena ya Zambia safunika viza popita kukacheza masiku ochepa ku South Africa, Namibia kapena Botswana. M'mayiko onsewa galimoto zimayenda kumanzere. Bungwe la SANParks, lomwe limayang'anira mapaki a ku South Africa, lili ndi mtengo wapadera wolowera wa nzika za mayiko a SADC, wotsika kuposa wa alendo ochokera kutsidya kwa nyanja, ndipo ku Namibia nakonso amasiyanitsa chimodzimodzi. Choncho pofika pachipata pasipoti ikhale m'thumba, osaisiya kogona.

Namib-Naukluft

Ngati muli ndi ndalama ndi nthawi ya ulendo umodzi wokha, ine ndingakutumizeni kuno, chifukwa ndi kokhako kumene msewu ndi maulendo apansi zonse n'zapamwamba. Pakiyi ili ku Namibia ndipo ndi yaikulu pafupifupi masikweya kilomita 50,000, koma mbali imene alendo ambiri amaifuna ndi yaing'ono: kuchoka pachipata cha Sesriem kukafika ku Sossusvlei. Ndi msewu wa phula wa makilomita pafupifupi 60, wotsata chigwa cha mtsinje wouma wa Tsauchab, mapiri a mchenga ali uku ndi uku. Liwiro lololedwa ndi makilomita 60 pa ola, popeza gemsbok ndi springbok, zomwe ndi nyama za mtundu wa agwape, komanso nthiwatiwa zimadutsa pamsewu nthawi ina iliyonse. M'chaka cha 2013 UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro, sayansi ndi chikhalidwe, inaika mchenga wonsewu, womwe umatchedwa Namib Sand Sea, pa mndandanda wa malo a World Heritage, malo ofunika ku dziko lonse lapansi.

Msewu umenewu umafuna mbandakucha. Dzuwa likamatuluka, phiri lililonse la mchenga limagawika pawiri: mbali yoyang'ana kum'mawa ili psuu, inayo ili bii, ndipo mzere wa pamsana pake umaoneka wakuthwa kuchokera pansi mpaka pansonga. Ikamati 10 koloko mithunzi yatha, kufiira kuja kwazilala, mchenga wayamba kuwotcha mapazi. N'chifukwa chake nkhani ya kogona ndi yaikulu kuno. Ku Sesriem kuli zipata ziwiri. Chakunja chimatsegulidwa dzuwa likatuluka, chamkati ola limodzi dzuwa lisanatuluke. Ogona mkati, monga pa msasa wa Namibia Wildlife Resorts kapena ku Sossus Dune Lodge, amanyamuka kukadali mdima ndipo dzuwa limawatulukira ali kale pamchenga. Ogona kunja amaima pamzere pachipata kudikira. Hema pa msasa wa mkati amaposa chipinda chokongola cha kunja pa chifukwa chimenechi chokha.

Phiri la mchenga lomwe ambiri amakwera ndi Dune 45, limene lili pa makilomita 45 kuchokera ku Sesriem, m'mphepete mwenimweni mwa msewu. Mumakwera potsata msana wake. Pondani m'mapazi a munthu amene ali patsogolo panu, chifukwa pamenepo mchenga wathina kale ndipo phazi silititimira kwambiri. Palibe chokukakamizani kufika pamwamba. Mukangokwera theka, chigwa chonse chili pansi panu. Mukayang'ana pafupi ndi mapazi anu m'mawa mphepo isanayambe, mudzaona timizere ta mapazi a tizilombo ndi abuluzi amene anayenda usiku, tating'ono kwambiri koma tooneka bwinobwino. Mvula kuno ndi yosowa. Zamoyo zambiri za m'chipululuchi zimadalira nkhungu yochokera ku nyanja ya Atlantic, kumene madzi ozizira oyenda m'mbali mwa gombe, otchedwa Benguela, amaziziritsa mpweya. Pali kachilombo kena kamene kamaima chozondoka pamchenga, mutu pansi, kuti timadontho ta nkhungu tiyenderere pamsana pake mpaka kukamwa.

Phula likatha, pamatsala makilomita pafupifupi 5 a mchenga wakuya. Wa galimoto wamba aimike pomwepo n'kukwera galimoto zonyamula alendo zomwe zimayenda kagawo kameneka. Ngakhale mutabwereka 4x4, ngati simunayendetsepo mumchenga, ndikukulangizani kuchita chimodzimodzi; anthu amatitimira pamenepa kawirikawiri ndipo m'mawa wonse umathera pokumba. Kuchoka poimika magalimoto, muyenda wapansi pafupifupi kilomita imodzi kukafika ku Deadvlei. Awa ndi malo adongo loyera, louma gwaa, ozunguliridwa ndi mapiri a mchenga, ndipo pakati pake paima mitengo yaminga ya camel thorn imene inafa zaka 600 kapena 700 zapitazo, mchenga utatseka njira ya madzi. Sinaole chifukwa mpweya ndi wouma kwambiri, dzuwa linangoidetsa. Osaigwira, osaitsamira, osakwerapo pofuna chithunzi. Pambali pake pali Big Daddy, phiri la mchenga la mamita pafupifupi 325. Limenelo si la ulendo wopepuka, ndipo amene ali ndi ana kapena vuto la mtima angoliona ali pansi.

Madzulo kuli malo awiri apafupi ndi chipata. Sesriem Canyon ndi chigwembe chimene mtsinje wa Tsauchab unakumba, chotalika pafupifupi kilomita imodzi, chakuya mpaka mamita 30, ndipo mumatsikamo n'kuyenda pamthunzi. Elim Dune ndi yabwino poonera kulowa kwa dzuwa. Ku mapiri a Naukluft, mbali ina ya paki yomweyi, kuli Olive Trail ya makilomita 10 ndi Waterkloof Trail ya makilomita 17, koma musanyengeke ndi kufupika kwa manambalawo: Olive Trail ili ndi malo odutsa mutagwira unyolo pathanthwe.

Vuto la Namib-Naukluft ndi kufikako. Kuchoka ku Windhoek ndi makilomita opitirira 300, mbali yaikulu ndi msewu wa miyala, ndipo maola asanu amatha. Mafuta muthire ku Solitaire ngakhale thanki isanatsike kwambiri. Malo ogona ndi okwera mtengo. Chothandiza n'choti dola ya Namibia ndi yofanana mphamvu ndi randi, ndipo randi amailandira paliponse. Amene afika mpaka ku Swakopmund, kugombe, apatule theka la tsiku la Welwitschia Drive, yomwe imadutsa pa Moon Landscape n'kukafika kumene kuli welwitschia, chomera cha masamba awiri okha chimene chimakhala zaka mazanamazana. Chilolezo chake mumagula ku ofesi ya unduna wa zachilengedwe m'tauni momwemo musananyamuke.

Augrabies Falls

Kwa munthu amene ali ku Gauteng, ali ndi galimoto yake yaing'ono ndi tchuthi cha masiku ochepa, Augrabies ndiye yanzeru kuposa zonse. Kuchoka ku Johannesburg mumatsata msewu wa N14 makilomita pafupifupi 800 kukafika ku Upington, kenako ena 120 kudzera ku Keimoes ndi Kakamas, phula lokhalokha mpaka pachipata. Wosafuna kuyendetsa mtunda wonsewo atha kukwera ndege kukatsika ku Upington n'kubwereka galimoto kumeneko. Panjira mudzadabwa ndi minda ya mphesa yobiriwira m'mbali mwa mtsinje wa Orange, pomwe kuseri kwa ngalande yothirira kuli miyala ndi fumbi basi.

Pakiyi inakhazikitsidwa mu 1966 pofuna kuteteza mathithi amene mtsinje wa Orange umagwera mamita 56 kulowa m'chigwembe cha miyala chotalika makilomita 18. Si chipululu cha mchenga ayi. Ndi dziko la matanthwe osalala, otentha, ndi mitengo ya kokerboom, yomwe ndi mtundu wa aloe wokula ngati mtengo, wa khungwa lachikasu long'aluka. Komabe Augrabies ndi Sossusvlei n'zapachibale: mchenga umene Orange amakokolola kuchokera kumapiri a Lesotho umadutsa m'chigwembe chimenechi, umakathira mu Atlantic, mafunde amaukankhira kumpoto, ndipo mphepo imauuluzira kumtunda kukapanga mapiri ofiira a Namib aja.

Ubwino wa kuno ndi woti zonse zili pafupi ndi kogona. Kuchoka pa msasa, mumayenda mphindi zochepa pa kanjira ka matabwa kukafika pamalo oonera mathithi, ndipo agogo kapena mwana wamng'ono atha kufikapo popanda vuto. Pamatanthwe a m'mbali mwa kanjirako pamakhala abuluzi aphwatalala a ku Augrabies. Aamuna ake ndi owala, mutu wabuluu, miyendo yakutsogolo yachikasu, yakumbuyo yofiirira, ndipo amadumpha m'mwamba kuwakha tintchentche takuda tomwe timaswana mumtsinje. Tintchentche tomweto tidzakuvutitsani kumaso nyengo yotentha, choncho kaneti kovala kumutu kapena kansalu n'kothandiza. Mbira zili mbwee pamiyala, ndipo anyani ndi apusi amadziwa bwino chitseko chosatseka.

Ofuna kutambasula miyendo ali ndi njira ya ku Arrow Point m'mphepete mwa chigwembe, komanso Dassie Trail, yozungulira makilomita pafupifupi 5 kudzera ku Moon Rock n'kubwerera ku msasa. Mumayenda nokha popanda mlonda, chifukwa kulibe mikango. Njirayi ili ndi malo okwera ndi kutsika pamiyala, choncho nsapato zikhale zogwira. Klipspringer Trail ndi ya masiku atatu ndipo imatsekedwa miyezi yotentha. Imeneyo isiyireni ena. Pa galimoto, msewu wa miyala umakufikitsani ku Moon Rock, thanthwe lalikulu lozungulira lomwe mutha kukwera wapansi mphindi zochepa, kenako ku Ararat, Oranjekom ndi Echo Corner, komwe mumaona chigwembe kuchokera pamwamba. Galimoto wamba imayenda misewu imeneyi ikamayendetsedwa modekha, ngakhale pali malo pomwe msewu umadutsa m'madzi osaya. Nyama zilipo, zinkhoma, kadyamsonga, springbok ndi gemsbok, koma si zochuluka. Musabwere kuno kudzawerenga nyama.

Kukula kwa mathithi kumadalira mvula ya kumtunda ndi madamu. Zaka za madzi osefukira, monga 1988 ndi 2011, madzi ankagwa m'makoma onse a chigwembe. Miyezi youma mathithi amachepa, koma maulendo apansi amakoma kwambiri nthawi yomweyo.

Kgalagadi

Kgalagadi ndimaikonda kwambiri, koma ndiyenera kunena mosabisa: pa nkhani ya kuyenda wapansi, kuno n'kolephera. Ndi malo a munthu wokhutira kukhala m'galimoto maola ambiri, maso ali pazenera.

Kgalagadi Transfrontier Park inatsegulidwa m'chaka cha 2000, pamene South Africa ndi Botswana zinaphatikiza Kalahari Gemsbok National Park, ya mu 1931, ndi Gemsbok National Park ya ku Botswana. Yonse ndi masikweya kilomita pafupifupi 38,000, ndipo pakati pa mayiko awiriwa palibe mpanda. Kuchoka ku Upington kukafika pachipata cha Twee Rivieren ndi makilomita pafupifupi 250 a phula. Mukangolowa, phula latha. Misewu iwiri ikuluikulu imatsata mitsinje youma ya Auob ndi Nossob, yomwe imatha zaka zambiri osayenda madzi. Wa Auob umakafika ku msasa wa Mata-Mata, makilomita pafupifupi 120, m'malire ndi Namibia. Wa Nossob umakafika ku msasa wa Nossob, makilomita pafupifupi 160. Liwiro ndi makilomita 50 pa ola, ndipo ndi kuima kowonera nyama, mtunda uliwonse umadya theka la tsiku.

Chimene chimachititsa kuti nyama zizioneka bwino n'choti m'zigwa ziwirizi anakumbamo zitsime, ndipo udzu ndi waufupi. Nyumbu, springbok ndi gemsbok zimasonkhana pamadzi, ndipo zilombo zimazitsatira. Mikango yamphongo ya kuno imadziwika ndi manyenje akuda. Cheetah amaoneka kawirikawiri m'chigwa cha Auob, ndipo akambuku, afisi ndi ankhandwe aliponso. M'mitengo ya camel thorn muli zisa za mbalame zotchedwa sociable weaver, chisa chimodzi cha udzu chokhalamo mbalame mazana, cholemera mpaka nthawi zina kuthyola nthambi. Okonda ziwombankhanga, akabawi ndi akadzidzi sangafune kuchoka. Misewu iwiri yodutsa pamwamba pa milu ya mchenga imalumikiza zigwazi, ndipo kumeneko ndi kumene mumaona chipululu cha Kalahari chenicheni, mchenga wofiira wophimbidwa ndi udzu wotuwa, kukwera ndi kutsika mpaka kumene maso alekezera.

Kutsika m'galimoto kumaloledwa m'misasa ndi pamalo opumira okha, monga Auchterlonie, Kamqua, Melkvlei ndi Dikbaardskolk. Malo opumirawo alibe mpanda, choncho yang'anani mbali zonse musanatsegule chitseko, ndipo ana asatalikire. Ku Auchterlonie kuli kanyumba kakale kamiyala kamene anakasandutsa kosungiramo mbiri, ndi kanjira kakafupi kozungulira. Kupatula apo, kuyenda wapansi kumatheka m'mawa ndi alonda amfuti ngati alipo tsiku limenelo. Mwana wa zaka zisanu amatopa nalo tsiku lotere, ndipo makolo aganizirepo bwino.

Misewu ya kuno ili ndi timabampu tondondozana tomwe timagwedeza galimoto mpaka mano. Galimoto yokwera ndiyo yoyenera, ndipo pa msasa amakulangizani kuchepetsa mpweya m'matayala. Madzi a pampopi ndi amchere, akumwa mugule. M'mawa uliwonse musanatuluke mumatenga chilolezo chanu ku ofesi n'kunena kumene mukulowera, ndipo madzulo mumachibweza, kuti mukapanda kufika adziwe kokakufunani. Wofuna kulowera ku South Africa n'kutulukira ku Namibia kudzera pa Mata-Mata ayenera kugona m'pakimo masiku awiri, ndipo pasipoti amadinditsa ku Twee Rivieren.

Dzikoli lili ndi eni ake. Mu 2002 mbali ina ya pakiyi inabwezedwa kwa anthu a ‡Khomani San ndi a ku Mier, amene anachotsedwako kale, ndipo !Xaus Lodge ili pa malo awo. Mu 2017 UNESCO inazindikira ‡Khomani Cultural Landscape ngati malo a World Heritage. Mukaona anthu akugulitsa zosemasema ndi mikanda m'mbali mwa msewu wochokera ku Upington, imani muwagule.

Popeza Augrabies ndi Kgalagadi onse amafikiridwa kuchokera ku Upington, sabata imodzi imakwanira kuona onse awiri: masiku awiri oyenda wapansi pamathithi, otsalawo pa galimoto ku Kalahari. Chimene wina alibe, mnzakeyo ali nacho.

Karoo

Aliyense amene anayendapo pa basi pakati pa Johannesburg ndi Cape Town anadutsa pachipata cha Karoo National Park, kunja pang'ono kwa Beaufort West pa msewu wa N1, mwina ali m'tulo. Inakhazikitsidwa mu 1979. Si chipululu chenicheni koma dziko louma la zitsamba zazifupi pansi pa mapiri a Nuweveld. Klipspringer Pass ndi msewu wa phula wokhotakhota wokwera phiri, ndipo galimoto iliyonse imafika pamwamba, pomwe ziwombankhanga zakuda zimauluka m'mphepete mwa maphompho. Mbidzi za m'mapiri zimaoneka mosavuta, ndipo zipembere zakuda ziliponso ngakhale n'zamanyazi. Mkati mwa mpanda wa msasa muli Fossil Trail, ya mamita 400 okha, yoyendeka ngakhale pa njinga ya olumala, yoonetsa mafupa a zamoyo za zaka pafupifupi 250 miliyoni zapitazo. Chibwezeretsereni mikango mu 2010, maulendo apansi a kunja kwa mpanda amafuna mlonda.

Sindingauze munthu kuti achoke ku Lilongwe kapena ku Chipata chifukwa cha Karoo yokha. Koma wa ku Cape Town amene akufuna kulawa dziko louma popanda kuwononga ndalama zambiri, kapena amene ali pa ulendo wa N1 ndipo akufuna kugona panjira, asaidutse.

Richtersveld ndi Fish River Canyon

Malo awiriwa ali mu paki imodzi ya mayiko awiri, |Ai-|Ais/Richtersveld Transfrontier Park, yomwe South Africa ndi Namibia anasainirana mu 2003, koma kwa mlendo ndi osiyana ngati usiku ndi usana. Richtersveld, mbali ya South Africa, ndi mapiri a miyala, zomera zosunga madzi zosapezeka kwina, mtengo wa halfmens, ndi abusa a mtundu wa Nama amene mpaka lero amadyetsa mbuzi ndi nkhosa m'pakimo. Ndi kokongola koopsa, koma galimoto yaing'ono siloledwa, njira ngati Akkedis Pass zimafuna wodziwa 4x4, ndipo chithandizo chili kutali. Pa ulendo woyamba, ayi.

Fish River Canyon, mbali ya Namibia, ndi yosavuta. Chigwembechi n'chotalika makilomita pafupifupi 160 ndipo chimazama mpaka mamita 550. Kuchoka pa msasa wa Hobas mumayendetsa makilomita 10 kukafika poonera, ndipo mutha kuyenda wapansi m'mphepete mwake pamalo athyathyathya kuchoka poonera pena kupita pena. Kutsikira pansi kwa tsiku limodzi n'koletsedwa. Ulendo wa pansi ndi wa masiku anayi kapena asanu, umaloledwa kuyambira Meyi mpaka pakati pa Sepitembala, ndipo umafuna kalata ya dokotala. Kwa ife enafe, m'mawa umodzi pamwamba ndi kusamba pa akasupe otentha a ku Ai-Ais n'zokwanira. Ndi malo oima panjira kwa amene akuyendetsa kuchoka ku South Africa kupita ku Sossusvlei.

Nyengo, galimoto ndi madzi

Ambiri a ife timapeza tchuthi mu Disembala, ndipo imeneyo ndiyo nthawi yoipitsitsa ya malo onsewa. Kutentha kumapitirira madigiri 40 ku Augrabies, ku Kgalagadi ndi ku Namib. Amene anakhalapo ku Nsanje kapena ku Chikwawa mu Okutobala angaganize kuti akukudziwa, koma kutentha kwa m'chipululu n'kouma: thukuta limauma musanalione, ndipo thupi limatha madzi inu osazindikira. Ngati Disembala ndi yokhayo imene muli nayo, maulendo apansi athe 9 koloko isanakwane, masana mukhale pamthunzi. Miyezi yabwino ndi kuyambira Epulo mpaka Sepitembala. Komano mu Juni ndi Julayi usiku wa ku Kgalagadi ndi ku Karoo umazizira mpaka kutsika pansi pa ziro, madzi mpaka kuundana m'mabotolo osiyidwa panja. Tengani jekete yeniyeni, chipewa cha ubweya ndi zofunda zokwanira ngati mukugona m'hema. Epulo, Meyi ndi Sepitembala ndiyo miyezi yapakatikati.

Pobwereka galimoto, funsani mafunso atatu musanasaine. Kodi inshuwalansi ikuphimba matayala ndi galasi lakutsogolo? Nthawi zambiri siphimba, ndipo zimenezi ndi zomwe zimawonongeka pamsewu wa miyala. Kodi akulola kuyenda pa misewu yopanda phula? Ndipo ngati mukudutsa malire, kodi akupatsani kalata yololeza galimotoyo kutuluka m'dziko? Popanda kalatayo mudzabwezedwa pachipata. Onaninso ndi maso anu kuti tayala lapadera lili ndi mpweya, jeki ndi sipanala zilimo. Ku Namibia matayala apadera awiri si kuwonjeza.

Ngozi zambiri za alendo ku Namibia sizichitika pamchenga koma pamisewu ya miyala yooneka yabwino, yotakata ndi yowongoka, imene imakopa phazi kuti liponde kwambiri. Mukafika pokhota kapena pamiyala yomwazika, galimoto imaterereka n'kugubuduka. Makampani ambiri obwereketsa amaika malire a makilomita 80 pa ola pa misewu yotere, ndipo ine ndimati 70 ndi yabwino kwa amene sanazolowere. Yatsani nyali ngakhale masana kuti akuoneni m'fumbi, chepetsani liwiro mukamakumana ndi galimoto ina, ndipo usiku musayende, chifukwa ndi nthawi imene nyama zimakhala pamsewu.

Madzi akumwa akhale malita osachepera anayi kapena asanu pa munthu aliyense patsiku, ndi chigubu china chapadera m'galimoto chosakhudzidwa. Netiweki ya foni imasowa m'malo ambiri, choncho mapu muwasungiretu m'foni, ndipo muuze a kogona kumene mukupita ndi nthawi yobwerera. Galimoto ikawonongeka, khalani pa galimotopo. N'kosavuta kupeza galimoto kusiyana ndi munthu woyenda yekha. Pamchenga valani nsapato zotseka, osati masilipasi, ndipo m'mawa muzikutumula musanavale chifukwa cha zinkhanira.

Malo ogona a ku Kgalagadi ndi ochepa ndipo amatha msanga kuposa ena onse. SANParks imatsegula mabuku miyezi 11 tsiku lisanafike, ndipo zipinda za ku Nossob ndi Mata-Mata za nthawi ya tchuthi cha sukulu zimatengedwa pa masiku oyambirira omwewo. Msasa wa mkati wa ku Sesriem nawonso umadzaza kuyambira Julayi mpaka Okutobala. Ku Augrabies ndi ku Karoo malo amapezeka mosavutirapo, makamaka pakati pa sabata. Choncho ngati Kgalagadi kapena Sesriem ili pa ulendo wanu, yambani mwapeza kogona kumeneko, ndipo matikiti a ndege ndi masiku a tchuthi kuntchito atsatire madeti amenewo.